Ketulo isanapite kudzala, iyezeni kaye

A sekilitale andiuza kuti mawuwa aikidwanso patsamba lathu la Facebook, ndiye inu mukuwerenga pafoni musadabwe mukaona penapake ndikulankhula ngati tili limodzi pabenchi.

Mwezi wathawu mlongo wanga, amene amagwira ntchito m'nyumba ina ku Area 43, anandiimbira mawu akunjenjemera. Akuti achimwene bwerani, makina otsuka mbale asiya kutulutsa madzi, abwana ali ku Johannesburg, akabwera anena kuti ndawononga ndine, andidula malipiro. Ndikuona ena mukuseka. Inde ndikudziwa, ku Mgona ndi ku 25 kuno makina otsuka mbale ndi mng'ono wako ndi beseni. Ineyo ngakhale ndimagwira za magetsi mufakitale kuno ku Kanengo, makina amenewo ndinali ndisanawagwirepo chibadwire. Koma ndinapita. Ndinazula pulagi, n'kutunga madzi onunkha aja ndi kapu, n'kuchotsa sefa yapansi. Inali itatsekeka ndi mpunga ndi mafuta. Kuseri kwake, pamene pali kapampu kotulutsa madzi, panali kachidutswa ka tambula yosweka katakanirira. Nditakachotsa, makina anayamba kugwira ngati palibe chinachitika. Sindinagule kanthu.

Pobwerera mu minibasi ndinkaganiza kuti m'kati mwa chimakina chodulacho mulibe chachilendo. Muli elementi yotenthetsa madzi ngati ya ketulo, labala wa pachitseko ngati wa filiji, sefa, pampu, switchi ndi mawaya. Ndi zomwezi zili m'nyumba mwathu, kungoti zaikidwa m'bokosi limodzi. Ndiye lero tikambe za katundu wathu: ketulo, ayironi, hotipuleti ndi mpopi.

Mukudziwa nonse kuti chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wa magetsi sakugwirika, poti pafupifupi yense amachokera kunja. Koma pitani kudzala kuseri kwa nyumba za lendi mukaone ma ketulo ndi ma ayironi ali mbwee. Ambiri mwa iwo sanafe. Chinafa ndi fyuzi, kapena waya anaduka pakhosi, basi.

Tisanagwire sikuludiraiva, mverani ichi. Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba ali mavoti 230, ndipo amenewo amapha. Kuzimitsa switchi ya pakhoma sikokwanira, chifukwa m'nyumba zambiri zomwe timakhalamo mawaya anaika ndi munthu amene sitimudziwa, mwina anasemphanitsa. Zulani pulagi, muiike pamene mukuiona ndi maso. Musakhulupirirenso zoti "magetsi azima, ndikonze msanga". Amabwera osagogoda. Manja akhale ouma, ndipo musanamasule chilichonse jambulani ndi foni momwe mawaya akhalira. Mudzandithokoza pobwezeretsa.

Tiyambe ndi pulagi, chifukwa mavuto ambiri amathera pomwepo. Pulagi yathu ya mano atatu ili ndi fyuzi m'kati. Mukaitsekula mupeza mawaya atatu. Wa bulauni ndiye wa moto, amapita kumanja komwe kuli fyuzi. Wa buluu amapita kumanzere. Wobiriwira wosakaniza ndi chikasu ndi wa ethi, amapita ku dzino lalitali lapamwamba. Pa katundu wakale mupeza wofiira m'malo mwa bulauni, wakuda m'malo mwa buluu. Nthawi zambiri mukatsekula mungopeza sikuluwu yakhwepa, waya wapsa kunsonga. Dulani popsapo, sendani pang'ono, potani tiwaya tonse pamodzi pasatsale ngakhale kamodzi kotuluka, mangani zolimba. Chomangira chapakhomo pa pulagi chigwire chikopa chakunja cha nthambo, osati tiwaya tam'kati.

Fyuzi muiwerenge. Ya 3 amp ndi ya zinthu zazing'ono ngati nyale ndi wailesi. Ya 13 amp ndi ya ketulo, ayironi ndi hotipuleti. Apa ndiulule tchimo langa. Ndili Fomu 3, fyuzi ya ekisitenshoni kwathu inapsa, ine n'kuikulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Zinayaka, ndinadzimva injiniya. Patatha masiku ochepa mayi anaikapo hotipuleti ndi ketulo nthawi imodzi. Tinangomva fungo la pulasitiki, kuyang'ana kuseri kwa kabati moto uli lawilawi, katani yayamba kale kugwira. Anazimitsa pa meni switchi ndi bambo a nyumba yoyandikana. Mchemwali wanga wamng'ono anali mtulo chipinda chomwecho.

Masamu ake ndi awa. Chulukitsani 13 ndi 230, mupeza mawati 2,990. Amenewo ndiye malire a pulagi imodzi. Ketulo ya mawati 2,000 kuphatikiza hotipuleti ya 1,500 ndi 3,500. Fyuzi ija ntchito yake n'kufa kuti nyumba isapse, ine ndinaichotsa pantchito. Ndipo fyuzi yatsopano ikapsanso pompopompo, musaikenso yachitatu, pali waya akukhudzana penapake ndipo mufufuze. Zolowetsa mawaya opanda pulagi musoketi n'kutsinira ndi timitengo ta machesi, zija timachita m'maholo ndi m'ma saluni, ndi mlandu womwewo.

Chida chimodzi chomwe ndikufuna aliyense pano adziwe kugwiritsa ntchito ndi multimeter. Thesita ija yoyaka kababu imangokuuzani kuti pali moto, pomwe multimeter imakuuzani chimene chafa, chinthucho chili chozula. Ikani pamene imalira mukagunditsa nsonga zake ziwiri. Gwirani fyuzi mbali zonse: ikalira ndi yamoyo, ikakhala chete yapsa. Chitani chimodzimodzi ndi nthambo, kuchokera pa dzino la pulagi kufika m'kati mwa chinthucho, uku mukuipindapinda. Ikamalira n'kumadukiza, waya waduka m'kati.

Pa ayironi matenda ake ndi amenewa kawirikawiri. Nthambo imathyokera pamene imalowera mu ayironimo, chifukwa cha kupita ndi kubwera posita komanso chizolowezi chathu choikulunga ikadali yotentha. Mankhwala ake n'kudula gawo lothyokalo n'kulumikizanso m'kati, kapena kugula nthambo ina. Mugule ija yokutidwa ndi nsalu, ya mawaya atatu. Osalumikiza pakati n'kukulunga tepi, chonde. M'kati mwa ayironi mulinso kafyuzi kena kamene kamaduka kutentha kukapyola muyezo. Amisiri ena a changu amangokalumpha ndi waya. Ayironi imayakadi, koma tsiku lomwe thermostat idzakanirire, palibenso choiletsa, ndipo yunifolomu ya mwana ndi tebulo zidzapsera limodzi. Kafyuziko kamagulitsidwa, nambala ya kutentha kwake yalembedwa pathupi pake, gulani kofanana.

Tsopano hotipuleti, imene imatidyetsa makala akakwera mtengo nthawi ya mvula. Apa ndikhalitsapo pang'ono. Hotipuleti ili ndi zinthu zitatu zokha: elementi, switchi yozungulira ija, ndi mawaya. Itembenuzeni, masulani chapansi. Choyamba gwiritsani ntchito maso ndi mphuno. Polumikizira pakuda, pomwe pachita dzimbiri chifukwa cha phala ndi msuzi wotayikira, pamaoneka. Kambiri elementi imakhala ili bwinobwino, changopsa ndi kachitsulo kolumikizira. Sinthani kachitsuloko, ndipo waya wa m'kati akhale wopirira moto, wokutidwa ndi zoyera ngati nsalu. Waya wamba amasungunuka sabata isanathe.

Poyeza elementi chotsani waya mbali imodzi, ikani multimeter pa ma ohm. Nambala yoyembekezera mutha kuipeza nokha: 230 kuchulukitsa ndi 230 ndi 52,900, ndiye mugawe ndi mawati olembedwa pansi pa chinthucho. Elementi ya mawati 1,000 ikupatsani ma ohm pafupifupi 53, ya 1,500 pafupifupi 35, ya ketulo ya 2,000 pafupifupi 26. Ikasiyana pang'ono palibe vuto. Ikaonetsa OL kapena 1 yekha kumanzere, elementi yaduka, imeneyo ndi yosintha.

Pali kuyeza kwachiwiri komwe anthu amadumpha. Nsonga imodzi pa polumikizira elementi, inayo pa chitsulo chakunja cha hotipuleti. Apa multimeter isalire, isaonetsenso nambala. Ikalira ndiye kuti moto ukudutsira kuthupi, ndipo iyi ndi hotipuleti ija imamenya shoko mukagwira poto. Ndalowa m'nyumba zingati momwe amayi amavala masilipasi povundula nsima, ati "imaluma pang'ono, tinazolowera"? Palibe kuzolowera pamenepo. Tsiku lina pansi padzakhala ponyowa, kapena adzagwira ndi mwana wopanda nsapato. Elementi yotero ichotsedwe lero lomwe, ndipo muonetsetse kuti waya wa ethi wamangidwa pa chitsulo cha thupi.

Pokagula sipeya, nyamulani yakufayo m'thumba. Kaya mukupita m'ma hadiweya a mumsewu wa Malangalanga, kaya pa Nsungwi, kaya kwa anyamata a pa Tsoka, ikani yakale ndi yatsopano pamodzi muone kukula, mawati, ndi momwe miyendo yake yakhalira. Kufotokoza ndi pakamwa kuti "ija yozungulira ija" kumathera kulipira minibasi kawiri. Mukagula yakale yochotsa pa china, iyezeni pomwepo wogulitsa akuona. Wokana kuti muyeze mumusiye ndi katundu wake.

Ketulo ndidutsapo msanga. Zambiri za masiku ano elementi yake inamatidwa pansi, ikafa ndiye kuti ketulo yathadi, chotsani nthambo ndi pulagi musunge. Koma musanaiweruze yang'anani chokhalira chake, pakati pamene ketulo imalumikizana ndi moto, ndi switchi ya pachogwirira. Izi ndiye zimayamba kutopa. Amene mumatunga pa mjigo kapena pachitsime muona zoyera zikumatirira pansi. Zimachedwetsa kuwira, mayunitsi n'kumapita. Thiranimo madzi osakaniza ndi viniga kapena mandimu, wiritsani, siyani ola limodzi, tsukani.

Za mpopi wodontha. Usiku uno ikani ndowa pansi pake, mawa m'mawa mukaone madzi amene mukulipira ku Lilongwe Water Board osawagwiritsa ntchito. Pa mpopi wamba wopotokola, wolakwa ndi kalabala kakang'ono kozungulira, ka washa. Tsekani madzi pa mita, tsekulani mpopi kuti otsala atuluke, masulani mutu wake ndi sipanala uku dzanja lina litagwira mpopiwo kuti paipi isapotoke, chotsani washa wakutha, ikani wina. Pa mpopi wa anthu ambiri papoloti uzani kaye anzanu musanatseke, mungayambane ndi wina ali m'bafa ndi sopo kumaso. Kumanga mpopi ndi lekeni ya tayala kumangochedwetsa, ndipo kukanikiza mwamphamvu potseka ndiko kumadya washa msanga.

Labala wa chitseko cha filiji muyeseni ndi ndalama yapepala. Itsekereni pachitseko, kokani. Ikatuluka mosavuta ndiye kuti kuzizira kukuthawira pomwepo ndipo injini ikungolira osapuma. Yambani mwamutsuka ndi madzi ofunda, nthawi zina ndi litsiro chabe.

Tsono pali pomwe manja athu ayenera kulekera. Microwave musatsekule. M'kati mwake muli capacitor imene imasunga mavoti pafupifupi 2,000, ndipo itha kukhalabe ndi moto ngakhale mutazula pulagi. TV zakale za chimbuyo zija chimodzimodzi. Gasi wa filiji ndi wa amisiri ake. Mita ya ESCOM musaiyandikire n'komwe, kuiseweretsa ndi mlandu wa kukhoti, kupatula kuti imapha. Mawaya a m'khoma ndi bokosi la ma breaker ndi ntchito ya munthu amene ali ndi chiphaso cha MERA. Alandilodi akakuuzani kuti "iwe umadziwa za magetsi, tangokokera waya kuchipinda chatsopanocho", kanani mwaulemu. Nyumba ikadzapsa dzina lotchulidwa lidzakhala lanu.

Wina anandifunsa panja kuti kodi izi zingasanduke ntchito? Zingatheke, koma zimene ndakuuzani lerozi ndi khomo chabe. Amene mtima wagunda, kafunseni ku Don Bosco ku Area 23 kapena ku Lilongwe Technical College, mumvenso za maphunziro a TEVETA. Atsikana ndikunena inunso. Mufakitale momwe ndimagwira, amene amapeza msanga vuto pa mapanelo ndi mayi, ife amuna timangomuzungulira titanyamula zida.

Ku Amsterdam mayi wina dzina lake Martine Postma anayambitsa mu 2009 zomwe amazitcha Repair Café: anthu amabweretsa katundu wowonongeka pamalo amodzi, odziwa n'kumathandiza osadziwa, mwini wake akugwira nawo. Ife tiyi tilibe, koma tebulo lilipo, ndipo a tcheya avomera kuti tiyese Loweruka likubwerali kuyambira 9 koloko. Bweretsani ma ayironi, ma ketulo ndi ma hotipuleti a kwanu ndi a maneba. Mwini chinthu ndiye agwire sikuludiraiva, ine ndizingoloza. Sipeya aliyense agula yekha tikapeza chomwe chafa. Ndibweretsa multimeter imodzi, yachiwiri ndi ya kilabu ija, ndiye amene munaibwereka mwezi wa Juni, sinditchula dzina, ifike isanakwane 9.