ANTHU OGONA PA MADZI, NDI NTHENDA YOSAONEKA

Munthu amene agula matemba pa msika wa Kapata ku Chipata, kapena mai wa ku komboni ya Nkana amene akazinga kapenta madzulo, kawiri-kawiri saganizako za munthu amene anagwira nsombazo. Nsomba ifika youma, iyesedwa m'mbale, ndipo nkhani yace ithera pa mtengo. Komatu kumbuyo kwa mbale imeneyo kuli anthu amene nyumba yao ndi madzi. Adya pa madzi, agona pa madzi, adwala pa madzi, ndipo ena abwerako ali ndi nthenda imene siioneka ndi maso.

Dziko la Chipata ndi la mapiri ndi madambo. Mtsinje waukuru ndi Luangwa, koma asodzi a kumeneko amanga misasa yao pa mtunda. Wofuna kuona anthu okhaliratu pamwamba pa madzi ayenera kudutsa malire pa Mwami, kupitirira Mchinji ndi Lilongwe, kufikira ku Zomba. Kum'mawa kwa phiri la Zomba kuli nyanja ya Chilwa, imene David Livingstone anaiona mu April 1859 nailemba kuti Shirwa. Nyanja imeneyi ndi yodabwitsa: mitsinje ithiramo madzi koma palibe mtsinje woturukamo. Cifukwa cace madzi ace ali ndi kamcere, ndipo ndi osaya kotero kuti m'malo ambiri bwato liyendetsedwa ndi nsungwi yokankhira pansi. Kuzungulira nyanjayi kuli dambo lalikuru la njedza ndi bango, ndipo asodzi adulamo ngalande zopapatiza zoti mabwato adzipitamo.

M'kati mwa dambo limenelo ndimo muli zimbowera. Asodzi apinda ndi kuunjika udzu wa m'madzi kufikira upanga ciunda coyandama, ndipo pamwamba pace amangapo kakhumbi kofolera ndi udzu womwewo. Munthu akaponda pansi, pansipo patitimira. Akatembenuka usiku, nyumba yonse igwedezeka. M'menemo muli mphasa, mphika, ukonde kapena miono, ndi malo a moto wowambira makumba ndi milamba. Ziripo zimbowera zina zimene ziri ngati sitolo, kumene agulitsa tiyi, fodya, mcere ndi macesi. Koma kupatula apo, palibe msika, palibe calici kapena mzikiti, palibe bwalo la mfumu. Ambiri okhalamo ndi amuna okha-okha, ndipo akhala masabata, ena miyezi, osaponda dothi louma. Sikuti akonda kutero ai. Kucokera kumene kuli nsomba kukafika pa doko monga la Kachulu ndi ulendo wa maora ambiri a kukankha bwato, ndipo tsiku lothera pa ulendo ndi tsiku lopanda ndarama.

Mabvuto a thupi adziwika bwino. Madzi akumwa ndi omwewo a cimbudzi, motero kolera ibuka kawiri-kawiri. M'caka ca 2016, nthendayi itabuka pa nyanjapo, Boma la Malawi pamodzi ndi a Médecins Sans Frontières anapereka katemera wakumwa. Katemerayo afunika kumwedwa kawiri, motalikirana masabata awiri; ndipo podziwa kuti msodzi sangabwerere ku mtunda pa tsiku loikika, anapatsa a m'zimbowera mankhwala aciwiriwo kuti apite nao, akamwe okha tsiku likakwana. Imeneyo inali nzeru yabwino, ya anthu amene anayamba afunsa m'mene msodzi akhalira asanamlembere lamulo.

Bvuto lina ndi lakuti nyanjayo imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 gawo lalikuru linasanduka matope osweka, mabwato ali gone pa Kachulu ngati ng'ombe zakufa ndi cirala. Nyanja imene m'zaka zabwino ipatsa dziko la Malawi pafupi-fupi gawo limodzi la magawo anai a nsomba zace, pa nthawi zotere siipatsa kanthu. Mwini bwato angagulitse bwato. Nanga wa ganyu, amene ukonde suli wace, amene anakongola ufa ndi fodya poyembekeza kudzalipira ndi nsomba, agulitse ciani?

Apa ndipo payambira nkhani ya maganizo. Munthu wa ngongole, wa njala, wolumidwa ndi udzudzu usiku wonse, wosamva mau a mkazi wace kapena kulira kwa mwana wace kwa miyezi iwiri, ali ndi nthawi yambiri ya kuganiza ndipo alibe womuuza zimene aganizazo. Masiku oyamba angoti watopa. Pambuyo pace tulo timthawa. Adzuka tambala asanalire, ngakhale kumeneko kulibe tambala, nayamba kuwerenga zolakwa zace zonse kuyambira ubwana. Nsima siikoma. Ukonde ung'ambika, iye angouyang'ana osausoka. Anzace akaseka, iye aona ngati aseka iye. Kenaka m'mtima mwace mulowa mau akuti ndi munthu wacabe, kuti a kwao angapume iye atacoka. Cikhalidwe cimeneci cikapitirira masabata awiri osasintha, madotolo acicha nthenda, monga acha malungo kapena cifuwa cacikuru. Pa Cinyanja anthu angoti "aganiza kwambiri," kapena "wasweka mtima." A bungwe la World Health Organization anayerekeza kuti mu 2019 anthu okwana 280 miliyoni pa dziko lonse anali nayo.

Tsoka lace ndi lakuti anthu ambiri adziwa mau amodzi okha, akuti misala, ndipo pomva mauwo aona munthu wobvula zobvala pa mseu. Tsono popeza msodziyo sanabvule, sagenda miyala, ayankha moni bwino lomwe, abale ace ati ndi ulesi, kapena ati wina wamlodza cifukwa ca nsanje ya nsomba. Iye mwini, pocita manyazi, afuna mankhwala amene ali pafupi, ndiwo kacasu ndi camba. Zimenezi zigonetsa munthu usiku umodzi, koma m'mawa cisoni cibwera cowirikiza, ndi ngongole yowonjezereka.

Wina angayese kuti zimenezi ndi za umphawi wa kuno kokha. Si conco. Ku England kuli ngalande zambiri zokumba ndi manja, ndipo omvera a ku migodi angakondwe kumva kuti ciyambi cace ndi mgodi. Mu 1761 Duke of Bridgewater anatsegula ngalande yonyamulira malasha kucokera ku migodi yace ya ku Worsley kumka ku Manchester, ndipo mtengo wa malasha m'mudzimo unatsika ndi theka. Mabwato a m'ngalandezo ndi atali mpaka mapazi 70, koma m'mimba mwace safika mapazi 7. Sitima za pa mtunda zitabwera ndi kulanda katundu, malipiro a oyendetsa mabwato anatsika, ndipo ambiri anasiya nyumba zao natengera mabanja ao m'bwato. Bambo, mai ndi ana onse anagona m'kacipinda ka kumbuyo kosapitirira mapazi 10 m'litari mwace, ana osaona khomo la sukulu. George Smith wa ku Coalville anadandaulira Boma za ana amenewa kufikira lamulo la mabwato linapangidwa mu 1877. Nchito yonyamula katundu inanka icepa, ndipo cisanu ca 1962 ndi 1963, pamene madzi anauma gwa kwa masabata ambiri, cinaitsiriza pafupi-fupi yonse.

Koma mabwato aja sanathe. Lero m'ngalande za London ndi midzi yina mukhala anthu zikwi, ena mwa kukonda, ena cifukwa lendi ya nyumba yawakanika, ukwati watha, kapena nchito yatha. Bungwe la Canal & River Trust, limene linatenga ngalandezo mu 2012, liri ndi lamulo lakuti bwato lopanda doko lace-lace lisakhale pa malo amodzi kupitirira masiku 14. Kwa munthu wa mphamvu lamulolo ndi lopepuka. Kwa munthu amene kudzuka pa mphasa kwamkulira, ndi phiri. Ayenera kusuntha bwato m'cisanu, kutunga madzi, kufuna malasha, kukataya za m'cimbudzi, ndipo sabata iri yonse yaciwiri atalikirana ndi dotolo wace ndi anthu amene anayamba kumzolowera. Injini ikafa, akalephera kusuntha, angalandidwe cilolezo; cilolezo cikapita, bwato lingacotsedwe m'madzi; ndipo bwatolo ndiyo nyumba. Kuli anthu odzipereka a mipingo, ochedwa Waterways Chaplaincy, amene nchito yao ndi kungoyenda m'mbali mwa ngalande, kugogoda pa mabwato amene satuluka utsi, ndi kufunsa ngati m'katimo muli bwino. Ioneka ngati nchito yaing'ono, koma akuru a ku midzi ya kwa Mpezeni ndi kwa Gawa Undi aidziwa: nyumba imene siinatsegulidwe dzuwa litakwera, mnansi apita kukaodira.

Ndipo sikufunika madzi kuti munthu akhale m'cimbowera. Amuna a ku Fort Jameson, monga Chipata inali kuchedwa kale, amene anapita ku Mufulira, ku Luanshya, ku Wankie ndi ku Johannesburg, anagona m'zipinda za anthu ambiri, koma ena a iwo anali okha monga msodzi wa pa Chilwa. Ena a iwo amene a kwao anawacha macona sanaleke kulemba kalata cifukwa ca kuiwala. Analeka cifukwa ca manyazi a kubwera manja ali zii, ndipo manyaziwo anakula caka ndi caka kufikira njira ya kwao inatsekeka m'mutu mwao. Zotere zinaonekanso pamene migodi ya ZCCM inagulitsidwa, cha m'ma 2000, anthu ambiri nacotsedwa nchito. Mwamuna amene kwa zaka 20 anadzuka ndi belu la mgodi anapezeka ali pa khonde tsiku lonse, osalankhula.

Nthenda imeneyi icizika. Ku Lusaka kuli cipatala ca Chainama Hills, cimene cinatsegulidwa mu 1962. Ku Malawi kuli Zomba Mental Hospital, pafupi ndithu ndi nyanja ya Chilwa. Ndipo pa cipatala cacikuru ca Chipata pali mbali yoona za matenda a maganizo. Mu 2019 Zambia inapanga lamulo latsopano la za matendawa, m'malo mwa lamulo la nthawi ya atsamunda limene linacha odwala maina onyoza ndi kuganiza kwambiri za kuwatsekera. Koma odwala ambiri safunika kugonekedwa konse. Ena athandizidwa ndi mapiritsi, amene ayamba kugwira nchito patapita masabata angapo, ndipo ayenera kumwedwa miyezi yambiri. Wosiya msanga cifukwa "sakumva kanthu" ataya ulendo uli pakati. Ena athandizidwa ndi kukamba kokha, malinga kukhale kwa dongosolo.

Umboni wa zimenezi unacokera ku Harare. Dr. Dixon Chibanda, atataya wodwala wace amene anadzipha atasowa ndarama ya basi yobwerera ku cipatala, anayamba mu 2006 ku Mbare nchito yochedwa Friendship Bench. Anaphunzitsa agogo akazi kukhala pa benci kunja kwa kiliniki, kumvetsera munthu, kumthandiza kuchula mabvuto ace limodzi-limodzi, kusankha limodzi lokha, ndi kupangana cimene adzacita asanakumanenso. Akumana kasanu ndi kamodzi. Pa kuyesa kumene kunasindikizidwa mu 2016, pa anthu 573, kunapezeka kuti itapita miyezi 6, mwa anthu 100 ali onse okhala pa benci 14 okha anali adakali ndi zizindikiro za nthendayi, pamene mwa osamalidwa monga mwa masiku onse anali 50. Agogowo analibe jekeseni. Anali ndi nthawi, ndipo anaphunzitsidwa kusadzudzula.

Kusadzudzula kumeneko ndiko kubvuta. Munthu akabwera kucokera ku nyanja kapena ku mgodi ali woonda ndi wacete, funso loyamba la pa khomo limakhala la ndarama, laciwiri la kumene anacedwa. Mbale wanzeru adikira mpaka adye, akhala naye pa awiri, nafunsa za tulo: "Acimwene, masiku ano mugona bwanji?" Mwamuna amene sangabvomere kuti ali ndi cisoni abvomera msanga kuti sagona, ndipo kucokera pa tulo nkhani ifika pa ngongole, kucokera pa ngongole ifika pa zimene ziri pansi peni-peni. Kumuuza kuti "limbani mtima, ndinu mwamuna" kuli ngati kuuza wothyoka mwendo kuti athamange. Kupemphera naye ndi kwabwino, malinga pempherolo lisatseke njira ya ku cipatala.

Pali zizindikiro zina zimene sizilola kudikira. Munthu akayamba kugawa zinthu zace, ukonde kwa mphwace, njinga kwa malume ace. Akayamba kutsazika anthu popanda ulendo. Akanena kuti posacedwa sadzabvutitsanso munthu. Kapena akakhala wokondwa mwadzidzidzi pambuyo pa miyezi ya cisoni popanda cimene casintha, a pa banja amfunse poyera ngati aganiza za kudzipha. Madotolo atsimikiza kuti funso limenelo silibzala maganizowo mwa munthu, kawiri-kawiri limpeputsa. Akabvomera, asasiyidwe yekha usiku umenewo. M'midzi ya Chipata, Katete ndi Lundazi, kumene nyumba zambiri zisunga mankhwala opopera thonje ndi fodya, mabotolo amenewo acotsedwe akasungidwe kwa mnansi, pamodzi ndi zingwe zomangira ng'ombe, ndipo m'mawa mwace abale awiri amperekeze ku cipatala, mmodzi wa iwo akhale amene wodwalayo amuopa pang'ono.