Wapanjinga m'Nyengo ya Chiperoni

M'miyezi ya June ndi July, mphepo yachinyontho yochokera cha ku phiri la Chiperone ku Mozambique imadzetsa mvula yowaza m'maboma a Thyolo, Mulanje ndi Blantyre. Mvula imeneyi imanyenga. Siioneka yoopsa, koma wopalasa njinga m'mamaŵa amakafika kuntchito atanyowa, mano akugundana.

Chomupweteka kwenikweni ndi malaya a thonje, pakuti thonje likamwa madzi limamatirira pakhungu ndi kuziziritsa thupi. Juzi ya ubweya imafundabe ngakhale itanyowa. Pamwamba pake pafunika jasi la mvula lalifupi. Lalitali limakodwa m'masipoko. Madigadi asachotsedwe, ngakhale anyamata amati njinga imakongola popanda iwo. Mabuleki nawo sagwira msanga malimu akanyowa, kotero wapanjinga achepetseretu liŵiro asanafike pamtsetse.