Wonyamula Thumba Ndiye Amalipira

(Mawu amene mlangizi wa achinyamata anzake analankhula pa msonkhano wa makalabu a achinyamata ku Mchinji)

Lero ndapatsidwa nkhani ya chamba. Ndaona ena kumbuyoko mwayamba kale kuseka. Sekani, koma makutu akhale kuno.

Pa siteji ya kabaza pamamveka mawu oti "chamba anachiloleza". Zoona zake ndi izi. Mu Febuluwale 2020 aphungu a Nyumba ya Malamulo anavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act, lolola kulima chamba chopangira mankhwala ndi zinthu monga zingwe, nsalu ndi mafuta. Wolima ayenera kukhala ndi chiphaso cha bungwe la Cannabis Regulatory Authority, ndipo poyamba pomwe chiphaso cholimira chamba cha mankhwala chinali pa madola 10,000 a ku America. Tandiuzani, m'mudzi mwanu ndani anagulitsapo fodya kapena mtedza n'kutsala ndi ndalama zoterozo? Mu 2021 boma linafika popempha Mike Tyson, katswiri wa nkhonya uja, kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi. Zonsezo zinachitikadi, koma lamulo lakale la Dangerous Drugs Act silinafufutidwe. Kusuta, kusunga, kunyamula kapena kugulitsa chamba opanda chiphaso ukadali mlandu.

Ena mukukumbukira nkhani ya mu 2022 ya mnyamata wa ku Blantyre, wa msinkhu wathu womwewu, amene khoti linamugamula zaka 8 atapezeka ndi matumba a chamba. Anthu anachita zionetsero, poti nthawi yomweyo bwana wa kampani ina yaikulu anangolipitsidwa chindapusa pa mlandu wa chamba. Khoti lalikulu linachepetsa chilangocho kufika pa zaka 3. Kaya munali mbali iti, onani amene anagona m'ndende.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Chamba chotchuka chija chimalimidwa ku Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Mzimba, ndipo china chimafuna njira yotulukira kunja. Mwini katundu sangachipititse pa chipata cha Mwami, pamene pali apolisi ndi a msonkho a mayiko onse awiri. Iye amafuna mnyamata wodziwa tinjira ta m'minda, wokhala ndi njinga, amene ali ndi amalume ake tsidya linalo. Kodi ameneyo si ine ndi inu? Amangoti, "Aise, ungofikitsa thumba ili kufupi ndi Chipata, pamwamba taikapo soya." Ndalama imene amatchula imaposa ya ganyu wa sabata yonse, ndipo nthawi ya njala mtima umagwadi.

Apa ndi pamene ndikufuna tiganize mofatsa. Mukagulitsa chimanga munthu osakulipirani, mumapita kwa amfumu, zikakanika kupolisi. Nanga thumba la chamba likasowa mupita kuti? Akakulandani panjira simungakadandaule, chifukwa mukatsegula pakamwa woyamba kumangidwa ndinu. Mukalitaya pothawa apolisi, mwini wake sakhulupirira, amati mwagulitsa nokha. Akakana kukulipirani, palibe mboni, palibe lisiti. Malonda amene alibe bwalo la milandu amaweruzidwa ndi zibakera ndi zikwanje. Ine ndimaona kuti nkhanza zambiri za malonda amenewa sizichokera mu utsi ayi, zimachokera m'chinsinsi. Ku Mexico, kuyambira 2006 pamene boma linatumiza asilikali kukalimbana ndi magulu ozembetsa mankhwala ozunguza bongo, anthu masauzande osawerengeka aphedwa, ambiri mwa iwo anyamata otumidwa. Kuno sitinafike pamenepo, koma mwambo wake ndi womwewo: bwana saoneka, wotumidwa ndiye amakhala poyera.

N'chifukwa chake ena amati bola angochiloleza. A chipembedzo cha Rasta akhala akupempha zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo ku South Africa khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mu 2018 kuti munthu wamkulu akhoza kusuta pamalo ake. Ena amakana, amati pitani ku chipatala cha amisala ku Zomba mukamve zimene madokotala amanena za chamba ndi ubongo wa munthu amene adakakula. Ndi mutu wabwino wa dibeti, tidzaukonze. Koma wapolisi akakuimitsani ndi thumba usiku safunsa maganizo anu pa dibetiyo.

Mukagwidwa mbali ya Zambia, mukumana ndi a Drug Enforcement Commission, ndipo mungapezeke m'ndende ya Namuseche ku Chipata, kumene amayi anu sangathe kumabwera ndi nsima. Mbali ino ndi Maula ku Lilongwe. Ndende zathu n'zothithikana, chifuwa chachikulu chimafala msanga, ndipo mnyamata wosowa womuyendera akhoza kukakamizidwa zogonana posinthana ndi chakudya kapena malo ogona. Amene mukumwa ma ARV, ganizaninso za masiku amene mungadumphitse muli m'chitokosi cha dziko la eni.

Atsikana musati nkhaniyi ndi ya anyamata okha. Nanunso amakutumani, eti poti mtsikana wosenza dengu sakayikiridwa. Katundu akasowa, bambo wotero amafuna mubweze ngongoleyo ndi thupi lanu, ndipo pamenepo za kondomu simungazitchule n'komwe. Zikakuchitikirani, thamangirani kuchipatala maola 72 asanathe kuti mulandire mankhwala a PEP oteteza ku kachilombo ka HIV, kenako mukaonane ndi a Victim Support Unit kupolisi.

Amene wina wakuyambani kale nkhani ya thumba ndipo mukuopa kukana, uzani mlangizi wa kalabu yanu kapena amfumu musanavomere, kapena imbani ulere pa 116. Mafunso ndilandira tsopano, ndipo ndiyamba ndi oseka aja kumbuyoko.