Mmbulu Wobisala m'Kaligo

M'miyezi ya Juni ndi Julaye, nkhungu ikakuta phiri la Ntchisi ndi zitunda za ku Dowa, woimba kaligo angathe kukumana ndi vuto limene ongomvera salidziŵa. Choimbira chimene chinalira mokoma dzulo masana, mmamaŵa chimachita ngati chatsamwa chikafika pa liwu lina. Liwulo limanjenjemera, kuduka, kubweranso, pamene mawu ena onse akutuluka bwinobwino. Woimbayo amakaikira dzanja lake, mwinanso nsambo. Koma kaŵirikaŵiri cholakwa chimakhala chili m'thupi la choimbiracho.

Kaligo ndi choimbira cha nsambo imodzi. Mmisiri amasema kamtondo ka mtengo, kapena kutenga chitini, naŵamba pakamwa pake ndi chikopa cha mbuzi kapena cha ng'azi. Ndodo imapyoza kamtondoko, nsambo ya khonje kapena ya waya imamangidwa kuchokera kumapeto ena kufika ku chikhomo chokungira, ndipo kamtengo kakang'ono kamakhala pachikopa kunyamula nsamboyo. Poimba amakhukhuza nsambo ndi kauta kopakidwa utomoni. Hugh Tracey, amene anayenda m'dziko muno kujambula nyimbo m'zaka za 1950 ndi 1958, nafika ku Visanza, kumene lero ndi boma la Ntchisi, ankalemba dzina la choimbirachi kuti karigo. Zimene anajambula zikusungidwa ku International Library of African Music, ku Rhodes University m'dziko la South Africa.

Kuti vutoli limveke, kuyenera kudziŵika poyamba chimene uta umachita. Diso limaona ngati utawo ukungotsetsereka pansambo, koma si tero ayi. Utomoni umagwira nsambo ndi kuikoka pang'ono, nsambo nipulumuka kubwerera, utomoni nuigwiranso. Ndipo izi zimachitika kambirimbiri pa sekondi imodzi. Hermann von Helmholtz wa ku Germany ndiye analongosola kayendedwe kameneka m'buku lake la 1863. Kugwira ndi kupulumuka kumeneku kukamayenda mwa dongosolo, liwu limakhala losalala.

Tsono thupi la choimbira lili ndi liwu lakelake, monga momwe ng'oma iliyonse ili ndi lake. Kugogoda chikopa cha kaligo ndi chala kumalitulutsa. Woimba akafika pa liwu la nsambo lofanana ndi la thupilo, chikopa chimavomera mopitirira muyeso. Chimagwedezeka kwambiri kotero kuti kamtengo konyamula nsambo kaja kamaleka kukhala chikhazikitso cholimba, ndipo mphamvu ya nsambo imatsanukira m'chikopa mofulumira koposa momwe uta ungaibwezere. Dongosolo la nsambo limasokonezeka. Chikopa, posoŵa choikankha, chimayamba kukhala bata. Nsambo imapezanso mphamvu, nidzutsanso chikopa, ndipo mkanganowo umabwerezeka kangapo pa sekondi. Ndiko kunjenjemera kumene khutu limamva.

Azungu analitcha liwu lotere dzina la chilombo cha kwawo cholira usiku, chimene omasulira m'Chicheŵa amachitcha mmbulu. Limavutitsa makamaka oimba cello, vayolini wamkulu woimika pansi pakati pa maondo, ndipo limapezeka kaŵirikaŵiri pafupi ndi liwu la F, pamene nsambo imagwedezeka pafupifupi ka 175 pa sekondi. Katswiri wa ku India, C. V. Raman, analifufuza ku Calcutta nalifotokoza m'chaka cha 1916, zaka 14 asanalandire mphoto ya Nobel pa ntchito ina yokhudza kuŵala. Chodabwitsa n'chakuti mmbulu sukonda zoimbira zogontha. Thupi lokhuthala ndi lolemera silivomera nsambo, motero silikangana nayo. Koma lopepuka, lolira patali, limene woimba aliyense amalikhumba, ndilo limagwidwa msanga. Mmisiri amene wapala chikopa mosamala kuti kaligo amveke kutsidya la dambo wauitananso mmbulu mosadziŵa.

Apa ndipo nyengo ya kumapiri imaloŵera. Chikopa chimamwa chinyontho cha nkhungu, nichilefuka, ndipo liwu lake limatsika. Dzuŵa likakwera chimauma ndi kukungika, liwu nilikwera. Motero mmbulu umasamuka. Dzulo unali pakati pa mawu aŵiri pamene chala sichifikapo, lero wakhala pa liwu lenileni limene nyimbo imabwererapo nthaŵi ndi nthaŵi. Kwa woimba kaligo zimenezi n'zoŵaŵa koposa, chifukwa mawu a choimbira chake ndi oŵerengeka, ndipo kukhosi kwake kumatsata nsambo ngati mthunzi. Liwu limodzi likaduka, nyimbo yonse yapunduka.

Mankhwala ake sali kutali, pakuti oimba ng'oma za Gule Wamkulu amawadziŵa kale, ngakhale pa zifukwa zina. Iwo amaotha ng'oma pamoto kuti chikopa chikungike, ndiponso amamata phula pakati pake kuti chilemere, liwu nilitsika. Njira ziŵiri zonsezi zimasuntha liwu la thupi, ndipo pa kaligo zingathe kuchotsa mmbulu pamalo povuta. Kukunga kapena kumasula nsambo pang'ono kumachitanso chimodzimodzi, malinga kukhosi kwa woimba kukalola. Oimba cello amamangirira kachitsulo ka magalamu ochepa pansambo, kuseri kwa chonyamulira, kuti kalande mphamvu yosefukirayo, ndipo ena amangofinya choimbira ndi maondo pofika pa liwu loipalo. Ku China oimba erhu, choimbira cha nsambo ziŵiri choŵambidwa ndi chikopa cha nsato, amatsendera kansalu pansi pa nsambo pafupi ndi chonyamulira. Komabe njira iliyonse ili ndi mtengo wake: chimene chimagonetsa mmbulu chimazizitsanso pang'ono mawu oyandikana nawo.

Pali chinthu china chimene sichiyenera kusokonezedwa ndi vutoli. Amisiri a kuno amaika dala kusokosera kwina m'zoimbira zawo. Pa zikwatu za ulimba amaboola kabowo ndi kumatapo kanembanemba ka mazira a kangaude, ndipo pa kalimba amamangirira tizitsekero ta mabotolo kuti tizichita phokoso. Kumeneko ndi kukometsera, monga nsinjiro m'ndiwo, ndipo kumayenda limodzi ndi liwu popanda kulidula. Mphunzitsi wa nyimbo kapena wojambula mawu amene anakulira pa zoimbira za ku Ulaya angathe kulamula kuti zonsezo zichotsedwe asanatsegule makina, poyesa kuti akukonza chilema. Chosiyanitsa chake n'chapafupi. Woimba akoke uta pang'onopang'ono pa liwu lililonse motsatana. Kulira kokometsera kumamveka pa mawu onse; mmbulu umadikira pa liwu limodzi lokha, ndipo kaligo akaotha moto kanthaŵi, umapezeka utasamukira pena.