LIU LAKUTI "MDINDO"

Madzulo ano tikambirane za liu limodzi la amisiri omanga nyumba, ndilo mdindo.

Liu limeneli licokera ku mau akuti kudinda, ndiko kukanikiza cinthu ndi mphamvu. Kalaliki adinda kalata ndi cidindo cace. Momwemonso mmisiri adinda dothi. Aimika matabwa awiri ngati cikombole, athiramo dothi lacinyontho, nalisinja ndi mtengo wolemera kufikira litalimba. Atatero asuntha matabwa aja napitirira, mzere pamwamba pa mzere unzace. Khoma lotere ndilo mdindo.

Tsono tisasokoneze liuli ndi anzace. Nyumba ya mitengo ndi mbariro yopakidwa matope ndiyo yomata. Dothi loumbidwa m'cikombole cacing'ono ndi kuyanikidwa padzuwa ndizo zidina. Zikalowa m'moto zisanduka njerwa, zonga zija za Lundazi Castle, nyumba imene Bwana Errol Button anamangitsa pa boma, nitha m'caka ca 1952. Mdindo ulibe mitengo m'kati mwace, ndipo sulawa moto.

Si ife tokha amene tiri ndi dzina la nyumba ya dothi. M'caka ca 1862 boma la America linaika lamulo lopatsa munthu maekala 160 akalola kukhalapo ndi kulima zaka 5. Azungu ambiri anasamukira ku madambo a Nebraska ndi Kansas, kumene mitengo inali yosowa. Pamenepo anadula ndi pulawo nthaka yogwirana ndi mizu ya udzu, naisanja ngati njerwa, udzu uli cozondoka. Nthaka yotere pa Cingerezi ndi sod, ndipo nyumbayo anaicha soddy. Kuyambira 1886 munthu wina dzina lace Solomon Butcher anajambula mabanja ambiri ataima pakhomo pa nyumba zimenezi, atabvala zokongola zao, ng'ombe ndi akavalo ali pambali. Sanabise nyumba zao, pakuti ndizo zinawasunga m'nyengo ya cisanu.

Nanga ife? Alipo ena amene akamva liu lakuti mdindo aganiza za umphawi basi, nacita manyazi. Koma taganizani mtengo wace wa njerwa. Uvuni umodzi udya nkhuni zambiri, ndipo nkhalango zirinkutha. Cifukwa ca ici, m'caka ca 2018 anansi athu a ku Malawi analetsa njerwa zoocha pomanga nyumba za boma ndi za malonda. Mdindo sufuna nkhuni. Khoma lace ndi locindikala, cotero m'nyumba muzizira m'mwezi wa October, nimufunda m'mwezi wa June.

Mdani wace wamkulu ndi madzi. Cifukwa cace ikani maziko a miyala, ndipo denga liturukire kunja ndithu, kuti mvula isamenye khoma. Dothi lisakhale matope: mukalifumbata m'dzanja ligwirane, koma lisadonthe madzi. Musatenge dothi lapamwamba la mizu ndi zinyalala, koma lapansi.

Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dothi liri pakhomo panu, ndipo silifuna galimoto yolinyamula. Mukachula liu lakuti mdindo, lichuleni monga dzina la luso.