Mayi wothawa kwawo nayenso ali ndi mkaka

 Ine ndine activista wa zaumoyo kuno kumalire. Lero tikambirane za mayi amene wafika m'mudzi mwathu ali ndi pakati, kapena ali ndi khanda kumsana, atathawa nkhondo, madzi osefukira kapena njala kwawo.

Nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Ine nkhondo ya zaka 16 sindinaione, ndinabadwa itatha kale. Koma funsani agogo anu. Ambiri a kuno ku Angónia ndi ku Tsangano anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, nakhala komweko mpaka mtendere utabwera mu 1992. Achimwene ndi achemwali athu ambiri anabadwira tsidya lija, pamphasa ya eni. Mu 2016 anthu ena a ku Tete anathawiranso ku Kapise, ku Mwanza. Masiku ano ndi ena amene akugogoda pakhomo pathu: a ku Cabo Delgado, kumene nkhondo inayamba mu 2017, ndi amene nyumba zawo zinapita ndi madzi monga zinachitikira ndi Freddy mu 2023.

Mawu amene ndimamva kwambiri ndikamayenda m'makomo ndi awa: "Mayiyu mkaka wamuuma ndi mantha." Abale anga, mantha saumitsa bere. Chimene chimachitika ndi chakuti mayi akakhala ndi nkhawa, mkaka umachedwa kutsika, koma mkatimo ulimo. Akakhala pansi, mtima n'kukhazikika, mwana n'kumayamwa, umayambanso kuyenda. Bere limapanga mkaka molingana ndi mmene mwana akuyamwira. Akayamwa kawirikawiri, usana ndi usiku, kasanu ndi katatu kapena kupitirira, mkaka umachuluka. Akalumphitsidwa, umachepa. Ngakhale mayi woonda ndi njala amatulutsabe mkaka wabwino, kungoti thupi lake ndilo limavutika. Ndiye inu mwininyumba, dyetsani mayiyo: nsima, nyemba, masamba otendera, mbatata, thobwa, ndi madzi akumwa pafupi pomwe wakhala. Mtungireni madzi, mtolereni nkhuni. Musamufunse mafunso ambiri a zimene anaona kumene achokera. Akafuna adzanena yekha.

Mukufuna kudziwa ngati mwana akukhuta? Musayang'ane kukula kwa bere. Werengani matewera. Mwana woyamwa bwino amakodza kasanu ndi kamodzi kapena kupitirira pa tsiku, ndipo kusikelo amakwera.

Tsopano za chitini cha mkaka waufa. Ndikudziwa kuti amene amabweretsa chitini amabwera ndi mtima wabwino, koma mphatso imeneyi ine ndimaiopa. Ufa uja usungunulidwa ndi madzi ati? A pachitsime chosatseka, m'botolo losatsukika bwino, pomwe nkhuni zowiritsira madzi kulibe. Mwana ayamba kutsegula m'mimba, ndipo nthawi ya dzinja kolera imakhala pafupi. Chitini chikatha, meticais ogulira china palibe, ndiye ufa umayamba kuchepetsedwa, madzi n'kuchuluka. Panthawi yonseyi bere silinayamwidwe, mkaka wachepadi. Ngati mwana ndi wamasiye kapena mayi wadwalika, pitani ku Centro de Saúde, anamwino ndiwo akuuzeni chochita. Ndipo mayi amene anasiya kuyamwitsa ali paulendo angathe kuyambiranso. Zimatenga masiku, nthawi zina masabata, mwana akumuika kubere pafupipafupi, koma zimatheka.

Ngati mlendo wathuyo ndi woyembekezera, musadikire kuti apeze mapepala. Ambiri amathawa opanda kanthu m'manja, khadi la kusikelo linatsala kapena linanyowa. Muperekezeni sabata yomweyo kuti amuyeze, amulembere lina, alandire mankhwala oonjezera magazi, oteteza malungo, ndi neti. Pali chinthu chimodzi chimene mayi sanganene pagulu: ngati anali pa TARV ndipo mankhwala anamuthera panjira, auze namwino kumbali tsiku lomwelo. Mayi amene akumwa TARV tsiku ndi tsiku osadumpha amayamwitsa mwana wake, ndipo mwanayo amapatsidwa mankhwala ake omuteteza.

Mwezi wachisanu ndi chinayi ukakwana, amene ali kutali ndi chipatala apite kukadikira ku casa de espera. Abambo, apa ndi panu. Njinga ikhale yopopa, mwini njinga yamoto mugwirizane naye kale mtengo, osati kuyamba kunenerera pakati pa usiku matenda atayamba. Mlendo alibe amake kuno, alibe azakhali. Mayi mmodzi wa m'mudzi apite naye akhale womudikirira. Mukaona magazi akutuluka, mutu ukumuwawa kwambiri, nkhope ndi manja zatupa, wakomoka, kapena thupi latentha, musayambe mwapita kwina kulikonse. Thamangani kuchipatala.

Mwana akangobadwa aikidwe pachifuwa pa amake, khungu ndi khungu, afundidwe nsalu, ayamwe ola loyamba lisanathe. Mkaka woyamba wachikasu uja, umene timati chithuwi, agogo ena amati ndi woipa, ufinyidwe utayidwe. Pepani agogo, ndi ulemu wonse, umenewo ndiwo umamuteteza mwana ku matenda masiku oyambawa. Ndi wochepa, koma kamimba kakenso ndi kakang'ono. Musamupatse dawale, madzi, tiyi kapena kaphala mpaka akwane miyezi 6, ngakhale m'mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, chifukwa madzi ali mumkaka momwemo. Pamchombo musapake phulusa, dothi kapena mafuta. Pakhale poyera ndi pouma, kupatula mankhwala amene akupatsani kuchipatala.

Ali m'chikuta, muzimuzonda tsiku lililonse. Khanda likakana bere, likamapuma mothamanga, likazizira kapena kutentha thupi, maso akachita chikasu, pamchombo pakamanunkha, musagone nalo m'nyumba. Muyang'anenso mayiyo. Akamangolira, osagona, osafuna kumunyamula mwana, musamunene kuti ndi waulesi kapena wamwano. Itanani APE wa m'dera lanu kapena ife ma activista tibwere tikhale naye.

Mafumu ndi ma secretário, mukalandira banja lachilendo, mutidziwitse ngati pali woyembekezera kapena mwana wosakwana zaka ziwiri. Sabata ya mawa nthawi ngati yomweyino tidzakamba za phala la mwana wa miyezi 6.