AMALUME ANGA OLUMPHA M'NDEGE

Madzulo ano ndifuna kulankhula za munthu wina wa kwathu ku Lundazi, amene pa unyamata wace anagwira nchito imene ambiri a ife sitingaibvomere ngakhale atatilonjeza ng'ombe khumi. Munthuyo ndiwo amalume anga. Iwo anali msilikali wa gulu lija la olumpha m'ndege, ndipo atapuma pa nchito anabwerera kumudzi m'dziko la Mfumu Mwase, kumene alima cimanga, nshawa ndi mpendadzuwa. Pa chuti canga ndinakawaona, ndipo tinakhala pakhonde masiku atatu, iwo alikukamba, ine ndirikuseka. Koma pobwerera ku Lusaka ndinaona kuti m'nthabwala zaozo munali mau oyenera kukupatsirani inunso.

Poyamba ndilongosole za nchito yomweyi. Wolumpha m'ndege abereka kumsana thumba, ndipo m'thumbamo muli cimwamvuli cacikuru ca nsaru yopepuka cimene acicha parashuti. Nzeru imeneyi si ya lero ai, pakuti m'caka ca 1797 Mfalansa wina, dzina lace André-Jacques Garnerin, anatsika nayo ku Paris kucokera m'cibaluni. Olumpha a makono akwera monga mamita 4,000, ndipo akaturuka pa khomo la ndege agwa cabe, osatsegula kanthu, kwa nthawi yonga mphindi imodzi, pa liwiro la makilomita 200 pa ora. Akafika monga mamita 1,000 kucokera pansi akoka cingwe, mwamvuli nufunyuluka, ndipo munthu atsika pang'ono-pang'ono. Cinthu cofunika kucikumbukira ndi ici: m'thumba muja muli miamvuli iwiri, waukuru ndi wina wapadera wodikira tsoka.

Ndinawafunsa kuti, "Amalume, kodi simunali kuopa?" Iwo anati, "Mphwanga, kumwamba kulibe citsa, kulibe mbuzi yodutsa pa njira, kulibe woledzera. Mantha eni-eni ndinawaona nditapuma kale pa nchito, tsiku limene mnyamata wina ananditenga pa njinga yamoto kucokera pa Boma, iye alikuyendetsa ndi dzanja limodzi, linalo liri pa foni. M'ndege anali kundipatsa miamvuli iwiri, koma mnyamata uja sanandipatse ngakhale cisoti."

Anandiuzanso kuti tsiku lina ndege yao inapita pamwamba pa Lundazi. Inu amene munafikako mudziwa nyumba ija yonga linga la mafumu a ku Ulaya, imene Bwana D.C. Errol Button anamangitsa pafupi ndi caka ca 1950, imene anthu aicha Castle. Amalume akuti kumwamba ioneka ngati kankhokwe ka nshawa. "Ndinayang'anitsa kufuna malire a Zambia ndi Malawi," anatero iwo, "koma sindinaone mzere uli wonse. Ndipo ndinazindikira cifukwa cace mbuzi za ku Mzimba zidya msipu wathu popanda pasipoti."

Za ndale anangonena mau awiri. Akuti pa nyengo ya masankho kumagwa alendo ambiri ocokera kumwamba, ena pa helikopita, nabweretsa zitenje ndi malonjezo. "Ife olumpha tinali ndi ulemu," anatero, "pakuti pamene tagwera tinali kukhalapo ndi kugwira nchito. Awa fumbi lisanathe abwerera kale kumwamba."

Tsono tinafika pa nkhani ya ngongole. Mukumbukira kuti mu November 2020 dziko lathu linalephera kulipira ngongole zace zina za kunja. Amalume anapukusa mutu nati, "Mphwanga, usadzalumphe ndi mwamvuli wobwereka. Mwini wace amaufuna iwe ukali m'mlengalenga." Ndipo anati mau omwewo ayeneranso munthu wa pa komboni amene malipiro ace atha pa tsiku lacisanu la mwezi, nakhala masiku otsalawo pa kaloba. Za anyamata ochova njuga ya mpira pa foni anati, "Amenewo ndiwo olumpha opanda thumba, poyembekeza kuti mwamvuli aupeza pa njira."

Pa cilala ca 2024 sanaseke kwambiri. Caka cimeneco mvula inadula cimanga ciri pa msinkhu, kotero kuti pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko liri pa tsoka. Madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, ndipo inu a m'matauni munagona mumdima maora ambiri tsiku ndi tsiku. Amalume akuti mabvuto onse awiriwo ali ndi muzu umodzi. "Kumudzi tinakhulupirira cimanga cokha, m'tauni munakhulupirira damu. Tonse tinalumpha ndi mwamvuli umodzi. Amene anali ndi kamunda ka cinangwa kapena mbatata kudimba, kapena timbuzi tiwiri m'khola, iwo anakoka cingwe caciwiri."

Ndinawauza za Felix Baumgartner wa ku Austria, amene pa 14 October 2012 anakwera ndi cibaluni makilomita 39 pamwamba pa New Mexico ku America, nalumpha, nathamanga koposa liwiro la mau. Amalume anaomba m'manja nati, "Mwamuna ndithu! Koma nanga madzulo ace anakadyera kuti? Si pansi pompano? Palibe munthu anamanga nyumba kumwamba, mphwanga."

Apa ndipo pali mau amene ndadzera kwa inu, abale anga a ku Kitwe, ku Mufulira, ku Chingola, ku Luanshya ndi ku Solwezi. Nchito ya pa mgodi iri ngati ndege: ikukweza msanga, ndipo uli m'mwambamo uona anthu a kumudzi ngati nyerere. Koma mtengo wa mkuwa sauika kuno ai. Auika ku misika ya kutali monga ku London. M'caka ca 2008 mtengowo unali woposa madola 8,000 pa tani m'mwezi wa July, koma pofika December unagwa kufika pafupi madola 3,000, ndipo mgodi wa ku Luanshya unaima, anthu nakhala pa khomo. M'caka ca 2015 mtengo unagwanso, ndipo anchito zikwi zingapo a ku Mopani analandira makalata. Ambiri a iwo sanalakwe kanthu. Khomo la ndege linangotseguka, ndipo anauzidwa kuti aturuke. Akuru anati, ukakwera pa msana pa njobvu usamati kunja kulibe mame.

Ndinafunsa amalume cimene msilikali aphunzira poyamba. Anati, "Atiphunzitsa kugwa tisanaone ndege n'komwe. Masabata athunthu tinali kulumpha pa kabenchi, mapazi pamodzi, maondo opinda pang'ono, ndi kugubuduka pa mcenga. Mwamvuli aupinda pansi, dzuwa liri gwa, munthu ali ndi mtima wofatsa. Sapindira m'mwamba ai. Ndiponso usanaturuke uyamba wadziwa bwalo limene ukagwerepo, ndi kumene mphepo irikucokera."

Tsono ndikufunsani, inu amene mwalandira malipiro sabata lino: kodi bwalo lanu liri kuti? Kodi a mfumu a kumudzi kwanu akudziwani nkhope, kapena adzayamba kukuonani tsiku lofika ndi katundu pa lole? Kodi pa ndarama za mwezi uno mwapatulapo zingati zimene simudzazikhudza? Kodi muli ndi luso lina m'manja, monga ukalipentala, kusoka kapena ulimi, loti n'kukugwirani nchito ikatha? Ndipo akazi anu adziwa kumene kuli mapepala a penshoni? Amalume anga anayamba kutumiza malata kumudzi akali ndi zaka khumi zoti agwirebe nchito, anzao alikuwaseka kuti afulumira kukalamba. Lero ena a oseka aja akali m'tauni, m'kacipinda ka lendi, ndipo acita manyazi kubwerera kwao manja ali m'thumba.

Tsiku lotsazikana anandiperekeza kufikira pa mseu. Basi itaima anandigwira dzanja nati, "Iwenso wa pa wailesi, usayese kuti mau ako okhala m'mphepowo adzakusunga masiku onse. Munda wa amai ako ulipo, ndipo ine ndatopa kuulimira." Ndinaseka, koma mwezi uno ndawatumizira ndarama za matumba awiri a feteleza.